Tilime chinangwa ndi nzimbe zopangira mafuta a galimoto?

Kalata ya ulendo uno yachokera kwa bambo wina, mlembi wa kalabu ya alimi ku Nkhotakota. Ndaidula pang'ono, koma mfundo zake ndi izi:

"Kwathu kwabwera anthu amene akuti akufuna kumanga fakitale yopangira mafuta a ethanol. Akuti tizilima chinangwa chambiri, komanso dambo lathu lomwe timalimamo mpunga ndi kudyetsamo ng'ombe tilisandutse munda wa nzimbe, iwo azigula zonse. Pamsonkhano anatiuza kuti ulimi umenewu ndi wosamalira chilengedwe chifukwa mafuta ake saipitsa mpweya ngati petulo. Achinyamata akondwera, akuti ndalama yabwera. Akuluakulu akukumbutsa za msatsimanga umene tinadzala zaka zapitazo n'kusowa wogula. Ine ndili pakati, ndipo pepala lolembetsa mayina lili m'manja mwanga. Kodi n'zoona kuti mafuta ochokera ku mbewu sawononga chilengedwe? Nanga nthaka yathu, madzi athu ndi chakudya chathu zidzakhala bwanji? Tisanasaine kalikonse, tiunikireni."

Bambo mlembi, choyamba mtima ukhale pansi. Simunachedwe popeza simunasaine, ndipo kusiyana maganizo kumene kuli m'kalabu mwanu n'kwabwino ndithu. Achinyamata akunena zoona, msika wodalirika wa chinangwa ndi chinthu chosowa. Akuluakulu nawonso akunena zoona, tinapsapo kale. Funso lanuli ndakhala ndikukumana nalo kwa zaka zambiri m'misonkhano ya alimi, kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja momwe, ndipo yankho langa ndi ili: mafuta ochokera ku mbewu akhoza kuthandiza chilengedwe, akhozanso kuchiwononga kuposa petulo weniweniyo. Zimatengera malo amene mbewuyo yalimidwa, chimene chinali pamalopo mbewuyo isanabwere, ndi chimene chikubwerera m'nthaka mukakolola. Zimene mwalongosolazi zili ndi mbali imene ndingavomere, ndi ina imene ndikukana.

Tiyambe ndi zimene alendo anuwo ananena zoona. Nzimbe kapena chinangwa zikamakula zimakoka mpweya wa kaboni mumlengalenga n'kuusandutsa shuga ndi sitachi. Mukapanga ethanol n'kumuwotcha mu injini, mpweya umene ukutuluka ndi womwewo umene mbewu inakoka chaka chatha, ndipo mbewu ya chaka chino iukokanso. Petulo ndi wosiyana. Kaboni wake anagona pansi pa nthaka zaka mamiliyoni ambiri, ndipo tikamuwotcha tikuwonjezera mumlengalenga mpweya umene munalibe. Pamenepa palibe bodza. Vuto n'lakuti nkhaniyi amaikamba kuyambira pa thanki ya galimoto, chonsecho mafutawo ulendo wawo unayambira kumunda.

Kumundako kuli feteleza. Urea amapangidwa ndi gasi m'mafakitale akunja, amakwera sitima yapamadzi, amatsikira ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, n'kubwera kuno pa malole odya dizilo. Akathiridwa m'munda, makamaka m'nthaka yonyowa, gawo lina limauluka ngati mpweya wotchedwa nitrous oxide, umene mphamvu yake yotenthetsa dziko imaposa ya kaboni maulendo opitirira 250. Onjezanipo thirakitala, mapampu a mthirira, malole otuta mbewu, ndi moto wa mu boyila ya fakitale, pakuti ethanol ndi mowa wotchezedwa ndipo kutcheza kumadya moto wambiri. Ukaphatikiza zonsezi ndi pamene umadziwa ngati wapindula. Ku Brazil, kumene boma linayambitsa ntchitoyi mu 1975, ethanol wa nzimbe amabweza mphamvu pafupifupi maulendo 8 kuposa imene yalowa. Ku America, kumene amagwiritsa ntchito chimanga, mphamvu yobwerera imangozungulira pa maulendo 2 kapena kucheperapo. Mu thanki mafutawo ndi amodzimodzi, koma kumunda ndi kufakitale atalikirana kwambiri.

Kwa inu a ku Nkhotakota nkhaniyi si yachilendo. Fakitale ya ETHCO ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol mu 1982, nthawi imene mafuta anali atakwera mtengo padziko lonse ndipo nkhondo ya ku Mozambique inkatseka njira zathu za kudoko. Mu 2004 kunabwera PressCane ku Chikwawa. Chiyambire 1982 petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo mlingo umene boma linakhazikitsa ndi malita 20 a ethanol pa malita 100 aliwonse. Lita iliyonse yopangidwa kuno ndi ndalama zakunja zimene sitinatulutse, ndipo aliyense amene anagonapo pamzere wa mafuta zaka zapitazi akudziwa kufunika kwake. Ine ntchito imeneyi ndimaiyamikira, makamaka chifukwa ethanol wathu amachokera ku molasisi, madzi akuda onanda aja otsala shuga akatha kupangidwa. Nzimbezo zinalimidwira shuga, mafuta akungotuluka m'zotsalira. Ngakhale zotsala pofinya nzimbe sizitayidwa, ndizo zimayatsa maboyila a mafakitale a shuga ku Dwangwa ndi ku Nchalo.

Koma molasisi ndi wochepa. Tani imodzi ya nzimbe ikapita ku shuga, molasisi wake amatulutsa malita a ethanol pafupifupi 10 okha, pomwe madzi onse a nzimbeyo akanapita ku ethanol pakanatuluka malita 70 kapena kuposerapo. Komanso mafakitale a shuga amapuma m'nyengo ya mvula. N'chifukwa chake aliyense wofuna kukulitsa bizinesi ya ethanol maso ake amathera pa minda ya alimi. Alendo anu abwera poona mpata umenewu, ndipo sindikuwaona ngati akuba. Zindikirani chabe kuti zimene akukupemphani n'zosiyana ndi za molasisi zija. Iwo akufuna malo atsopano, madzi atsopano, ndi mbewu imene inu mumadya. Mbiri yabwino ya ethanol wa molasisi singangosamukira kwa iwo chifukwa choti dzina ndi limodzi.

Pa dambo ndiye ndikhalitsapo, chifukwa m'kalata yonseyi mawu amene andiopsa ndi amenewa. Wobwera pa galimoto akaona dambo amati ndi malo ogonera, udzu wokhawokha. Inu mukudziwa ntchito yake. Mvula ya mu Januwale ndi Febuluwale ikagwa, dambo limamwa madziwo n'kumawatulutsa pang'onopang'ono mpaka mu Okutobala. Zitsime za m'mudzi zimadalira pamenepo. Madimba a tomato ndi mpiru, udzu wofolera nyumba, bango la mphasa, msipu wa ng'ombe nthawi imene kumtunda konse kwapsa, zonsezi ndi zokolola za dambo, kungoti sizikwera pa sikelo. Dambo limasefanso matope asanalowe mumtsinje, ndipo kwanuko imeneyi ndi nkhani yaikulu. Nsomba za mpasa zimakwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira pa timiyala ta pansi pa madzi, ndipo matope akakwirira timiyalato mazira sapulumuka. Matope omwewo ndi amene amadzaza malo ngati Chia, kumene mabanja ambiri amadyera usodzi.

Nzimbe sizifuna kuima m'madzi, choncho kuti dambo likhale munda wa nzimbe pamafunika kukumba ngalande zokhetsa madzi. Ndinayendapo m'dambo lina patapita zaka zochepa chikumbireni ngalande zotere. Dothi lakuda lija, lomwe kale ukaponda phazi limamira mpaka m'kakolo, linali litang'aluka ming'alu yolowa dzanja lonse, pamwamba pake patayamba kutuwa. Amayi amene kale ankangowerama n'kutunga madzi pachitsime anali atalumikiza zingwe ziwiri ku chidebe. Kuda kwa dothi la m'dambo ndi kaboni amene wakhala akuunjikana kwa zaka mazana ambiri kuchokera ku udzu ndi mizu yowola m'madzi. Mukaliumitsa, mphepo imalowa m'ming'alu muja, zowolazo zimatheratu, kaboni n'kuuluka kupita kumwamba.

Apa ndi pamene mawu oti "saipitsa mpweya" amagwera. Kutsegula dambo kapena nkhalango kuti mulime mbewu ya mafuta kuli ngati kuyamba bizinesi ndi ndalama ya katapila: phindu la chaka ndi chaka limaoneka ndithu, koma limathera kubweza ngongole imene munatenga tsiku loyamba. Akatswiri ena ku America anawerengera ngongole imeneyi mu 2008. Anapeza kuti kusandutsa tchire la ku Brazil kukhala munda wa nzimbe kumafuna zaka 17 kuti mpweya wotayikawo ubwezedwe, pomwe kugwetsa nkhalango za m'madambo a ku Indonesia ndi Malaysia n'kudzalamo kanjedza wa mafuta kumafuna zaka zoposa 400. Moto umene unabuka m'madambo oumitsidwa a ku Indonesia mu 2015 unanyeka miyezi, utsi wake n'kukuta Singapore ndi Malaysia. Mayiko a ku Ulaya, amene poyamba ankalimbikitsa dizilo wa kanjedza, mu 2018 anagwirizana zoti pofika 2030 akhale atasiya kumuwerengera m'gulu la mafuta osamala chilengedwe. Madambo athu si akuya ngati a ku Indonesia, koma zochitika m'dothi ndi zomwezo.

Palinso ngongole ina imene sioneka pamalo pomwepo. Dambo likadzaza nzimbe, ng'ombe zikadya kuti? Mpunga mukalima kuti? Banja silisiya kudya chifukwa choti munda wapita ku mafuta. Limakwera kumtunda, limagwetsa mitengo, limalima m'gombe la mtsinje, ena amayamba kuwotcha makala. Kumtunda kwanuko kuli nkhalango ya Nkhotakota Wildlife Reserve, ndipo mukuidziwa mikangano imene imabuka anthu akapanikizana ndi mpanda. Eni fakitale adzanena moona mtima kuti sanadule mtengo ngakhale umodzi, koma mitengo idzakhala itagwa chifukwa cha fakitale yawoyo. Powerengera phindu la chilengedwe, mitengo imeneyi iyenera kulowa m'buku.

Za madzi ndinene mwachidule. Nzimbe zimakhala m'munda pafupifupi chaka chathunthu ndipo zimamwa madzi a mamilimita 1,500 mpaka 2,500. Mvula yathu imagwa miyezi inayi kapena isanu, yotsalayo ndi ya mthirira, n'chifukwa chake minda ikuluikulu ya nzimbe ili pafupi ndi nyanja komanso m'mbali mwa Shire. Funsani kuti madzi adzachokera mumtsinje uti, magetsi kapena dizilo wa pampu adzalipira ndani, ndipo midzi ya kumunsi idzatsala ndi chiyani mu Novembala. Kupatutsa madzi ambiri chonchi kumafuna chilolezo cha bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority, akuonetseni. Funsaninso ngati nzimbe zizidzawotchedwa zisanadulidwe, monga zimachitikira m'minda yambiri. Utsi wake umavutitsa odwala chifuwa, ndipo masamba amene akanaphimba nthaka amasanduka phulusa.

Fakitale nayo ili ndi mafunso awiri amene pamsonkhano sakambidwa kawirikawiri. Loyamba ndi la madzi oipa. Pa lita imodzi ya ethanol pamatsala malita 10 mpaka 15 a madzi akuda, onunkha, owawasa. Akalowa mumtsinje amatha mpweya wa m'madzi, nsomba n'kuyandama mimba zili m'mwamba. Ngati chinangwa chake ndi chowawa, madzi otsukira amakhalanso ndi poizoni yemwe mumachotsa poviika chinangwa cha kondowole. Komabe madzi otsala potchezawa ali ndi potaziyamu wambiri, ndipo ku Brazil amawabweza m'minda ya nzimbe ngati feteleza, mwa muyeso wake. Choncho akhoza kupindulitsa kapena kupha, kutengera ndalama zimene mwini fakitale walolera kuika pa maiwe osadontha, mapaipi ndi makina.

Lachiwiri ndi la moto, ndipo ndilo ndikanayamba kufunsa ndikanakhala pamsonkhanopo: boyila wanu adzayaka ndi chiyani? Nzimbe zimabwera ndi nkhuni zakezake, zotsala pofinya zija. Chinangwa chilibe. Fakitale ya chinangwa iyenera kupeza moto kwina, ndipo ngati yankho ndi nkhuni za m'tchire kapena malasha, ndiye kuti phindu lonse la mpweya lapsera mu boyila momwemo. Akati adzagwiritsa ntchito mankhusu a mpunga, gasi wochokera m'madzi oipa omwewo, kapena mitengo yodzala okha, apempheni akuonetseni pa pepala kuti zidzachokera kuti ndipo zidzakwanira miyezi ingati pa chaka.

Tsopano chinangwacho. Pano mtima wanga ndi wofewerapo kusiyana ndi pa dambo. Chinangwa chimapirira ng'amba, chimabereka pamchenga pomwe chimanga chimakana, sichilira feteleza wambiri, ndipo tani imodzi ya chinangwa chachiwisi imatulutsa malita a ethanol pafupifupi 150 kapena kuposerapo pang'ono. Chikalimidwa m'minda yotsegulidwa kale, ngongole ya tsiku loyamba ija palibe. Koma kupirira kwakeko kumapusitsa. Chimabereka pa nthaka yoguga chifukwa chimatha kukoka chakudya chochepa chotsalamo, makamaka potaziyamu, ndipo mukamatumiza matani ambiri kufakitale chaka ndi chaka osabwezamo kanthu, nthaka imatheratu. Miyezi iwiri kapena itatu yoyamba, masamba asanakumane, dothi limakhala pambalambanda, ndipo imeneyi ndiyo nthawi ya mvula yamphamvu. Pamalo otsetsereka mudzaona madzi ofiira akutsika m'mizere, ndiye chonde chikupita chimenecho. Palinso matenda. Dera lonse likadzala mtundu umodzi, timitengo ta mbewu tikuchoka munda uwu kupita uwo, khate la chinangwa ndi matenda aja owoletsa chinangwa m'kati amayenda ndi mbewu yomweyo.

Chachikulu n'chakuti kwanuko chinangwa ndi nsima. Chimanga chikakanika, kondowole ndi chigwada ndizo zimapulumutsa mudzi. Fakitale ikayamba kugula chambiri mtengo umakwera. Wokhala ndi maekala ambiri amasangalala, mayi wamasiye wogula makaka pamsika amalira. Dziko lonse linaona zoterezi mu 2007 ndi 2008 pamene mitengo ya chakudya inakwera kwambiri. Zifukwa zinali zingapo, koma chimodzi chinali chimanga chochuluka chimene America inkapititsa ku ethanol, ndipo mpaka pano pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chimanga chawo limapita kumeneko. Kumbukiraninso kuti chinangwa mukachizula chimayamba kuda pasanathe masiku atatu. Lole ikachedwa, kapena wogula akatsitsa mtengo chili kale pamulu, mulibe mphamvu yokana. Wina anganene kuti izi sizikukhudza chilengedwe, koma banja losowa chakudya mu Febuluwale ndilo limanyamula nkhwangwa kupita kuphiri.

Akuluakulu amene akukumbutsa za msatsimanga muwamvere. Cha m'ma 2005 mpaka 2010 mbewu imeneyi, yomwe njere zake amafinyamo mafuta a galimoto, inatamandidwa mu Africa monse kuti imabereka pa nthaka yoguga popanda madzi kapena feteleza. Zoona zake n'zakuti pa nthaka yotere imangokhala ndi moyo, koma kuti ibereke njere zokwanira imafuna chonde ndi chinyezi monga mbewu ina iliyonse. Njere zakenso ndi zapoizoni, sungadye, sungadyetse ziweto. Ku Kisarawe m'dziko la Tanzania kampani ya Sun Biofuels inatenga mahekitala pafupifupi 8,000 a malo a midzi, ndipo mu 2011 inagwa, anthu n'kutsala opanda ntchito, malonso atachoka m'manja mwawo. Kuno kwathu kampani ya BERL inkalimbikitsa kudzala msatsimanga m'malire a minda, ndipo amene anatsatira njira imeneyo sanataye munda wa chakudya. Ngakhale ntchito yoganiziridwa bwino imatha kuima. Ku Dondo, pafupi ndi Beira, mu 2012 anatsegula fakitale ya ethanol wa chinangwa woti anthu a ku Maputo aziphikira m'malo mwa makala. Cholinga chinali chabwino zedi, koma patangopita zaka zochepa fakitaleyo inasiya. Pamenepa ndiye chinangwa chimaposa msatsimanga: wogula akathawa, mumadya.

Ndiye mutani? Ndikanakhala membala wa kalabu yanu, dambo ndikanakana osanyengerera. Ngati nzimbe zilimidwe, zikhale pamalo olimidwa kale, patali ndi gombe la mtsinje. Pa chinangwa ndikanavomera kuyesa, koma pang'ono. Banja lililonse liyambe lapatula munda wa chakudya chokwana chaka, gawo lotsalalo ndilo lilowe mumgwirizano. Mtundu wa mbewu ukhale woti mukhoza kudya kapena kugulitsa kwina. Mizere ikhale yopingasa chitsetse, ndi akalozera komanso udzu wa vetiva m'malo otsetsereka. Pakati pa chinangwa dzalani mtedza, khobwe kapena nyemba kuti nthaka iphimbike miyezi yoyamba ija, ndipo chinangwa chikachoka pabwere soya, mtedza kapena nandolo. Makoko ndi zotsalira za kufakitale zibwerere kwa alimi ngati manyowa, ndipo zimenezi zilembedwe, zisangothera pakamwa. Yesani zaka ziwiri kapena zitatu, muone ngati lole ikubwera pa tsiku lake ndi ndalama zikulowa pa nthawi yake. Achinyamata musawagwetse ulesi. Apatseni iwowo ntchito yoyang'anira minda yoyeserayo ndi kulemba zolowa ndi zotuluka, kuti chaka chamawa mudzakambirane mukuyang'ana manambala anuanu.

Malo akhalebe anu. Kulima mbewu n'kugulitsa ndi nkhani ina, kupereka malo kwa kampani ndi nkhani inanso. Ku Chisumbanje m'dziko la Zimbabwe, fakitale yaikulu ya ethanol wa nzimbe inabweretsa ntchito ndi mafuta, koma mikangano ya malo pakati pa kampani ndi anthu a m'midzi yatenga zaka zambiri. Ku Chikwawa, alimi a kopaletivi ya Phata anaphatikiza minda yawo n'kumalima nzimbe limodzi, eni ake akadali iwowo, ndipo anapatulako malo a mbewu za chakudya. Ngati m'thumba la kalabu muli kangachepe, tumizani anthu angapo, amayi akhalepo, akaone ndi kufunsa okha zabwino ndi zovuta zake.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene alendo anu sanaikambe chifukwa mulibe ndalama zambiri, koma kwa chilengedwe cha Malawi ndi yaikulu kuposa ya galimoto. Mabanja oposa 90 pa 100 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo kumeneko ndiko mitengo yathu ikuthera. Mphamvu yochokera ku mbewu imene ndimaivomereza mopanda mantha ndi ya zotsalira zimene zaunjikana kale pamalo amodzi. Pitani kuseri kwa chigayo chopunthira mpunga mukaone mulu wa mankhusu ukufuka utsi usana ndi usiku, popanda mphika uliwonse pamwamba pake. Mankhusu amenewo, makoko a mtedza, zitsononkho ndi utuchi zimapanikizidwa n'kukhala mabriketi oyaka bwino. Mitengo ya nandolo mukakolola ndi nkhuni zabwino pa chitetezo mbaula, nandoloyo ali atakupatsani ndiwo ndi kuwonjezera chonde m'munda. Wokhala ndi khola la ng'ombe zingapo kapena nkhumba akhoza kupanga gasi wophikira kuchokera ku ndowe, zotsala zake n'kupita kudimba. Kalabu ngati yanu ikhoza kuyamba zimenezi popanda kupereka ekala ngakhale imodzi.

Koma panonso pakhale malire. Mapesi a chimanga, masangwe a mtedza ndi udzu wa mpunga zimene zili m'munda ndi chakudya cha nthaka, ndizo alangizi a ulimi wa mleranthaka akhala akukupemphani kuti musawotche koma muphimbire. Munthu akabwera kudzagula mapesi onse kuti akapange mabriketi kapena magetsi, akugula chonde cha munda wanu pamtengo wa zinyalala. Minda imene mapesi amasesedwa chaka ndi chaka imadziwika: mvula ikagwa dothi limalimba gwa pamwamba, madzi amangothamanga, ndipo thumba la feteleza lofanana ndi la mnansi limabereka zochepa. Gulitsani za kuchigayo, za m'munda zambiri zitsale pomwepo.

Nkhaniyi musaimalize nokha m'kalabu. Musanayankhe alendowo, kaonaneni ndi mlangizi wanu ndi a ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, adzaone mindayo ndipo ngati n'kotheka dothi liyezedwe. Za mitundu ya chinangwa ndi mbewu yopanda matenda, malo a kafukufuku a Mkondezi ku Nkhata Bay ndi Chitedze ku Lilongwe ndiwo eni ntchito. Ku ofesi ya bwanamkubwa kuli mkulu woona zachilengedwe, mufunseni ngati akudziwa za fakitaleyi. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu ngati iyi iyambe yaunikidwa momwe ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, lipoti lake livomerezedwe ndi bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, ndipo inu okhudzidwa mufunsidwe maganizo. Pemphani kuliona lipotilo. Za malo, malamulo a 2016 amazindikira malo a makolo, ndipo dambo logwiritsidwa ntchito ndi mudzi wonse palibe munthu mmodzi amene angaligulitse payekha, ngakhale akhale nyakwawa.

Kwa loya kapena ku Legal Aid Bureau thamangirani tsiku lomwelo akayamba kukufulumizitsani kuti musaine lero chifukwa mawa mwayi upita kumudzi wina, akakupatsani mgwirizano wa m'Chingerezi chokha n'kukana kusiya kope, kapena mukaona zikhomo zakhomedwa m'dambo inu musanagwirizane. Pepala lolembetsa mayina lili m'manja mwanulo mulisamale. Pamwamba pake lembani momveka kuti ndi la anthu obwera kumsonkhano, kuti wina asadzalisandutse chilolezo. Fakitale ikadzayamba ntchito n'kuona nsomba zakufa mumtsinje, kapena madzi a pachitsime asintha fungo ndi mtundu, kanenani msanga kwa a zachilengedwe ndi a zaumoyo, lembani tsiku ndi malo, jambulani ndi foni.

Pamsonkhano wotsatira mafunso anu apite olemba, ndipo mupemphe kuti mayankho abwerenso olemba. Kuwonjezera pa a boyila, madzi a mthirira ndi madzi oipa aja, afotokoze kuti mtengo udzakhazikitsidwa liti ndipo ndi ndani, chinangwa chikakanidwa pa sikelo woluza ndi ndani, komanso kampani ikatseka nzimbe zili m'munda ngongole ya mapaipi ndi mapampu idzatsala kwa yani. Mayankhowo akabwera nditumizireni pamodzi ndi mgwirizanowo, mundiuzenso kukula kwa dambolo ndi chiwerengero cha mabanja amene amatunga madzi m'zitsime za m'mbali mwake, kuti tidzauwerenge limodzi ndime ndi ndime.